Mmene Ansenga Anaphunzirira Kuwerenga m'Cinenero ca Eni Ndarama

Makolo a m'dziko la Kalindawalo anali kuwerenga ndi zala. Akafika pa zisanu, dzanja latha. Pamenepo amati zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira khumi. Kuwerenga kotere kunakwanira mbuzi za m'khola ndi makasu a malonda, pakuti cinthu cowerengedwaco cinali pamaso pa onse.

Zinasintha kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene British South Africa Company inaika msonkho wa masilingi 3 pa nyumba. Ndarama sizimera m'munda. Amuna anatsika ku Feira, naoloka Zambezi kukafuna nchito ku Salisbury ndi ku Wankie, ndipo pambuyo pace ena analowera ku migodi ya mkuwa.

Kumeneko mwezi sunali wa kumwamba ai, unali wa tikiti: masiku 30 a nchito, lililonse lolembedwa ndi kapitao. Mapeni 12 anali silingi, masilingi 20 anali paundi. Nanga munthu akanati "makumi awiri ndi zisanu ndi zinai" pa windo la malipiro, kalaliki uti akanamdikira? Wosadziwa wanu, thuu, fili anangolandira cimene ampatsa, angakhale tsiku lina litasowa pa tikiti. Cotero anthu anaphunzitsana usiku m'komboni, wakale kuphunzitsa wacilendo, kawirikawiri asanadziwe ngakhale kulemba dzina lao. Kumudzi ana anaziloweza pa sukulu za mishoni, monga ku Nyanje ndi ku Minga.

Ena amayesa kubwereka kotere ndi manyazi, koma Ansenga sali okha. Ku Thailand, dziko limene linkachedwa Siam kufikira 1939, amati sam, si, hok, chet, paet, kao, sip kunena 3, 4, 6, 7, 8, 9 ndi 10, ndipo akatswiri a zinenero atsimikiza kuti mau amenewa anacokera ku Cicaina kalekale. Lero Mthai aliyense awayesa ace.

Mu 1968 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndipo ngwee 100 zinacotsa bvuto la mapeni 12. Dzina la ndarama linakhala la m'dziko lino, koma mayi wogulitsa nthoci pa mseu ku Nyimba anapitirira kuchula mtengo m'Cingelezi, nasunga ziwiri ndi zitatu za makolo powerenga ana ace.