Wolawa Woyamba: Mbiri ya Chipanda kwa Dzoole

Ntchito yanga yoyamba ku South Africa ndinaipeza ku Stellenbosch, m'nyumba yodyera ya pamunda wina wa mphesa. Kumeneko ndi kumene anandiphunzitsa kuperekera vinyo wofiira wokhalitsa. Botolo la zaka 15 limagona chammbali m'chipinda chozizira kuti chotsekera chake chisaume. Likafunika, umaliimika tsiku lathunthu kuti nsenga zikhazikike pansi. Kenako umatsanulira vinyoyo pang'onopang'ono m'botolo lina lotakasuka kumunsi, kandulo ikuyaka kuseri kwa khosi la botolo kuti uone pamene nsenga zayamba kukwera. Ukatero umathira pang'ono m'tambula ya mwini tebulo. Iye amanunkhiza, n'kulawa, n'kuvomera ndi mutu, ndipo ena onse amathiriridwa pambuyo pake.

Tsiku limene ndinaona zimenezi koyamba, mtima unathawira kwathu kwa Dzoole, ku Dowa, pakhomo pa agogo anga akuchikazi. Mwambo wolawa ndinali nditauona kale ndili kamnyamata koyenda chosavala nsapato. Kungoti kwathu wolawa woyamba sanali mlendo. Anali mwini mbiya.

Mowa wa Achewa ndi wakale kuposa chimanga. Chimanga chinachokera ku America, n'kulowa kuno kudzera kugombe kumene Apwitikizi ankachita malonda, koma makolo asanachidziwe ankafulula mapira ndi mawere. N'chifukwa chake agogo, ngakhale nkhokwe yawo inali ya chimanga, sankasowa kamunda ka mawere kuseri kwa chulu. Ankati chimanga chimapatsa mowa thupi, mawere ndiwo amaupatsa fungo.

Ntchito inkayambira pa chimera. Ankaviika mbewu m'madzi, n'kuzifundika ndi masamba a nthochi mpaka zitatulutsa timizu toyera, n'kuziyanika pamphasa, n'kuzisinja. Tsiku loyamba ankaphika phala m'mbiya zikuluzikulu, likazizirako n'kuthiramo chimera. Limenelo ndilo linali tsiku lathu ana, chifukwa chotuluka pamenepo ndi thobwa, lotsekemera, losaledzeretsa. Zotsalazo zinkagonera kuti zisase, n'kuwiritsidwanso, n'kuzizira, n'kulandira chimera chachiwiri, kenako n'kusefedwa. Zonse pamodzi masiku anayi kapena asanu, kutengera nyengo. Mu Juni, mphepo yozizira ikamatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi, mowa unkachedwa, ndipo agogo ankasendeza mbiya kufupi ndi mafuwa, n'kuifunditsa chiguduli. Mu Okutobala unkathamanga, moti ukangozengereza theka la tsiku wasasa kale.

Analibe wotchi kapena choyezera kutentha. Anali ndi khutu. Usiku ndinkawaona atagwada, khutu lili pamimba pa mbiya, akumvetsera kubwata kwake. Phokoso likakhala lalikulu ankati, "Ukadali mwana uwu." Likatsika n'kusanduka kanong'onong'o, ankadzutsa amayi anga: "Nyamuka iwe, mowa wapsa." Akuluakulu amati mawu awo amakoma akagonera, ndipo mowa wa masese ndi chimodzimodzi, koma kugonera kwake n'kowerengeka. Vinyo amayembekezera zaka. Masese ali ndi tsiku limodzi la ulemerero, mwina awiri, ndipo luso lonse la wofulula lagona pa kulipeza tsikulo.

Tsopano kuperekera kwake. Anthu akasonkhana, amuna mbali yawo, amayi mbali yawo, agogo ankatulutsa mtsuko n'kuukhazika pakati. Ankagwada, n'kuvundula ndi chikho kuti masese a pansi akwere, pakuti zimene a vinyo amazisiya m'botolo ife ndiye timazifuna. Ankatunga, n'kumwa iwo eni pamaso pa onse, n'kupukuta mlomo wa chipanda ndi chikhatho. Palibe ankakhudza mowa izi zisanachitike. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo kale anthu ankaopa kuthiriridwa chiphe pamowa. Pomwa choyamba, wofulula ankanena popanda mawu kuti ngati muli imfa m'menemu, iyambe ndi ine. Akatero chipanda chinkapita kwa amfumu, choperekedwa ndi manja awiri, kenako kwa ankhoswe ndi akuluakulu ena, n'kumatsika. Mkamwini watsopano ankadziwa malo ake poona nthawi imene chipanda chamufikira. Pamowa wa chikumbutso cha womwalira, choyamba chenicheni chinali cha mizimu: pang'ono pankathiridwa pansi dzina la malemu likutchulidwa. Mowa wotere ofulula ake ankadika masiku onse a ntchitoyo, kuopa mdulo, ndipo madzulo ake Gule Wamkulu ankatuluka kudambwe.

Ku Stellenbosch ankatiuza kuti vinyo wofiira wokhalitsa amafuna kutentha kwa madigiri 16 mpaka 18, ndi nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa, chifukwa mafuta a nyama amafewetsa kuuma kumene vinyoyo amasiya m'kamwa. Kwathu masese ndi chakudya pawokha, choncho chotsagana nacho chinali chopepuka ndi chamchere: mtedza wokazinga, mbewa zowamba m'chilimwe, ngumbi mvula ikagwa, kapena kanyama ka mbuzi kootcha pamakala pakakhala mwambo waukulu. Agogo sankalola munthu kutafuna nzimbe pamowa wawo. Ankati shuga amapha lilime.

Mowa umenewu sunali wogulitsa. Unali malipiro a dima. Munthu akafuna kupalira munda waukulu kapena kufolera nyumba, mkazi wake ankafulula, mudzi wonse n'kubwera ndi makasu m'mamawa, n'kumwa dzuwa litapendeka. Mayi wodziwa kufulula sankasowa olima.

Kusintha kunayamba ndi mishoni. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera, m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe, kufupi kwambiri ndi kwathu. Mpingowo unaletsa Akhristu ake kufulula ndi kumwa mowa, koma thobwa unalilola. Malire a Mkhristu ndi wakunja anadutsa pakati pa mbiya imodzi: tsiku loyamba n'lololedwa, lachinayi n'tchimo. M'banja lathu zinali choncho ndithu. Mng'ono wawo wa agogo, mayi wa Chigwirizano, ankabwera kudzathandiza kusinja chimera ndi kuphika thobwa, koma mowa ukayamba kusasa ankamanga kampango kawo n'kubwerera kwawo. Ankakondana, ndipo palibe ankanyoza mnzake.

Murray anaphunzira zaubusa ku Stellenbosch komwe ndinkagwira ntchito, m'dziko limene vinyo wakhala akuponderedwa kuyambira 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Ndinkadutsa pafupi ndi sukulu imene anaphunzirayo pa tsiku lopuma, ndikuganiza za iye. Sindimuweruza mopepuka. Kwawoko antchito a m'minda ya mphesa ankapatsidwa vinyo ngati gawo la malipiro, ndipo mabanja ambiri anawonongeka nazo. Munthu wochokera kotero anali ndi chifukwa choopera chakumwa. Komabe ndikukhulupirira kuti amishoni anaona kuledzera kokha, osaona dongosolo limene linkakumanga kuledzerako chingwe: kumwa pagulu, masana, ntchito itatha, pamaso pa amfumu ndi apongozi.

Chimene chinamasula chingwecho ndi ndalama. M'zaka za m'ma 1920 fodya wochiza ndi utsi anafalikira ku Lilongwe ndi ku Dowa, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board. Alimi atayamba kugwira makobiri, amayi anayamba kufulula mowa wogulitsa, mbiya zikusanduka migolo yachitsulo. Ambiri anaphunzitsa ana ndi ndalama imeneyo, ndipo ine ndine mmodzi wa anawo. Kachasu nayenso anakula. Dzina lake linachokera ku liwu la Chipwitikizi la cachaça, ndipo luso lotcheza linakwera kuchokera kuchigwa cha Zambezi. Kachasu sasasa, amasungika m'botolo, choncho munthu atha kumwa yekha kuseri kwa nyumba nthawi iliyonse. Kenako kunabwera Chibuku, amene Max Heinrich anayambitsa ku migodi ya ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, ndi Carlsberg, amene fakitale yake inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Pomalizira pake panafika timasacheti ta mowa waukali, totsika mtengo moti ndi ana asukulu omwe ankatigula pa Mponela, mpaka boma linatiletsa mu 2015.

Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ndipo tinanyadira. Koma mayi amene amafulula mowa wa pamwambo womwewo palibe amamutchula. Anzanga a ku Stellenbosch ali ndi mabuku onena chaka chimene mphesa zinakoma ndi dzina la amene anazipondera. Agogo anamwalira ndi khutu lawo lija, ndipo ine ndinangotola zochepa zimene ndalemba pano.

Chaka chatha ndinapita kumudzi pamwambo wa chikumbutso cha amalume. Mowa unafululidwa m'mgolo, unaperekedwa m'makapu apulasitiki. Koma mayi wina wachikulire, asanalole aliyense kutunga, anagwada movutikira, navundula, namwa choyamba. Achinyamata ena ankafunsana kuti akuchitiranji zimenezo.

Inu a kwa Dzoole, a kwa Kayembe, a kwa Chakhaza ndi a kumapiri a Ntchisi, kaya mumamwa kaya simumwa: ngati mudzi wanu ukadali ndi mayi wotere, pitani chilimwe chino. Mukakhale naye kuyambira tsiku loviika mawere mpaka tsiku losefa, mumufunse chilichonse, ndipo mulembe dzina lake pamwamba pa zimene akuuzeni.