Bwalo la sukulu: wezulo wa apayoniya ndi mphika wa phala

Amene anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu amakonda kunena kuti ana a masiku amenewo anali olimba chifukwa sukulu inkawathamangitsa. Sakunama. Gulu la Malawi Young Pioneers litakhazikitsidwa mu 1963, alangizi ake, amene ankasulidwa m'malo ngati Nasawa ku Zomba, ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa perete ndi masewera olimbitsa thupi. Pa Sabata ya Achinyamata ana ankalambula misewu ndi kukonza milatho ya m'midzi, ndipo pa 6 July mazanamazana a iwo ankaonetsa luso lawo pa Kamuzu Stadium, atayeserera kwa masabata ambiri. Koma zonsezi mwini wake anali chipani cholamula. Kholo silinkafunsidwa, mfumu inkangouzidwa tsiku. N'chifukwa chake asilikali atalanda zida za apayoniya pa Operation Bwezani mu December 1993, masewerawo anapitira limodzi ndi eni wezulo. Panalibe wa m'mudzi amene ankawaona ngati ake kuti awatole.

Chaka chotsatira, 1994, boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo saganiza za mpira. Masewera anadzalowetsedwa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo ndi zojambula, ndipo nthawi yake imadyedwa mosavuta ndi kukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Komabe m'zaka zomwezi munabadwa chinthu chimene chakhalitsa. Bungwe la Mary's Meals linayambira ku Malawi kuno mu 2002 ndi ana 200 okha, ndipo lero phala likuphikidwa m'sukulu zambirimbiri. Ufa umachokera ku bungwe, inde, koma amene amalawirira kukasonkha moto, kutunga madzi ndi kutakasa mphika ndi amayi a m'mudzi momwemo, mosinthana ndiponso osalipidwa. Mayi akalephera pa tsiku lake, anzake amadziwa khomo lokagogoda. Umwini wotere masewera a m'sukulu sanakhale nawo.

Ena adzati kuika masewera m'manja mwa mudzi n'kusenzetsa makolo osauka katundu wa boma. Dandauloli ndi lomveka: kulemba aphunzitsi ndi kuteteza malo a sukulu kwa olanda ndi udindo wa boma, ndipo mudzi usalikhululukire pamenepo. Koma zimene mwana amafuna kuti athamange n'zochepa. Phada, fulaye, chipako ndi mpira wokulunga ndi mapepala sizinadikirepo bajeti, ndipo mitengo ya pagolo imadulidwa kudimba. Enanso adzati mwana wanjala sathamanga. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake bwalo ndi mphika ziyenera kukhala m'manja mwa komiti imodzi, osati kuyang'aniridwa padera ngati kuti mimba ndi miyendo n'za ana awiri osiyana.

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi timu ya anyamata imene imasewera pa bwalo la sukulu Loweruka ndi Lamlungu popanda kulipira kanthu. Mafumu ndi makomiti a sukulu awauze anyamatawo kuti lendi ya bwalolo ndi kulitchetcha ndiponso kuphunzitsa ana, atsikana omwe, masana amodzi pa sabata.