Mbiri Yobisika M'mphepete mwa Khobidi

M'nyumba zambiri muno m'Malawi, pansi pa sutikesi ya agogo pamapezeka kansalu komanga mfundo, m'kati muli makobidi akale. Ena anabwera ndi abambo ochokera ku Halale ndi ku Joni, ena anatsala pokhoma msonkho m'nthawi ya atsamunda, pamene ndalama za ku Britain zinkayenda m'Nyasaland. Adzukulu ambiri sadziwa kuti khobidi limadzinenera lokha mbiri yake ndi mtengo wake.

Poyamba kuyang'ana ndi m'mphepete. Kale ku England anthu achinyengo ankasenga siliva m'mbali mwa ndalama, kenako n'kukagulira ndalamayo ngati yathunthu. Pofuna kuthetsa mchitidwewu, kuyambira mu 1662 ndalama zinkasulidwa ndi makina, ndipo m'mphepete munkaikidwa timizere kapena malemba kuti yosengedwa izidziwika msanga. N'chifukwa chake shileni ili ndi timizere, pamene peni yamkuwa, imene panalibe phindu kuisenga, ndi yosalala.

Chachiwiri ndi chaka. Shileni ya ku Britain yosulidwa 1920 isanafike ili ndi siliva magawo 925 pa 1,000. Kuchokera 1920 mpaka 1946 siliva anatsika kufika pa theka, chifukwa mtengo wake unakwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Mu 1947 anachotsedwamo, m'malo mwake munalowa mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Motero ndalama zoyenda pamsika za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinayamba mu 1955, zilibe siliva ngakhale zina zimawala mbee. N'chimodzimodzinso zoyamba za Malawi za mu 1964, zija za tambala, chimanga ndi njovu, zimene zinatsogolera kwacha ya mu 1971.

Komabe kusowa siliva sikutanthauza kuti khobidi ndi lachabe. Osonkhanitsa ndalama zakale amayang'ananso kusowa kwake ndi mmene lasungikira. Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya chuma mosadziwa: amalikwecha ndi phulusa kapena mchenga kuti liwale, pamene ogula odziwa amafuna khobidi losakhudzidwa, la mtundu umene zaka zinalipatsa. Lokwechedwa limagwa mtengo, ndipo zokandikazo sizichokanso.

Banja lanzeru limasunga makobidi ake pamalo ouma, limawagwira m'mphepete mokha, ndipo limalemba dzina la amene anabwera nawo ndi kumene anawapeza, akulu odziwa nkhaniyo akadali moyo. Siliva ali ndi mtengo wake pa sikelo, koma dzina la mwini khobidi likaiwalika, palibe msika umene ungalibweze.