Nkhondo ya Mexico ndi America

Nkhondo ya Mexico ndi America: nkhondo yolimbirana malo imene mayiko awiriwa anamenyana kuyambira 1846 mpaka 1848.

Gwero lake linali Texas, dera limene linagalukira Mexico mu 1836 n'kulowa m'manja mwa America mu 1845. Mexico sinavomereze zimenezi. Malire nawonso anavuta: America inkati ali pamtsinje wa Rio Grande, pomwe Mexico inkati ali pa Nueces, chakumpoto. Pulezidenti wa America James K. Polk anatuma John Slidell kukagula California ndi New Mexico, koma boma la Mexico linakana kumulandira. Kenaka Polk analowetsa asilikali a Zachary Taylor m'dera lokanganiranalo. Pa 25 Epulo 1846 ena mwa iwo anaphedwa, ndipo Polk anauza aphungu kuti magazi a anthu a ku America akhetsedwa padothi la America. Nkhondo inalengezedwa pa 13 Meyi.

Oikira kumbuyo nkhondoyi ankadalira chikhulupiriro cha Manifest Destiny, chakuti Mulungu anakonzeratu kuti America ifike kunyanja ya Pacific. Otsutsa ankati cholinga chinali kufutukula ukapolo. Phungu Abraham Lincoln anafuna kuti Polk aloze malo enieni amene magaziwo anakhetsedwa.

Pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848, limene linathetsa nkhondoyi, linapatsa America madera ankawafunawo pamtengo wa madola 15 miliyoni.