Malemu Paul Ngozi, Katswiri wa Rock Amene Ankaimba Chinenero Chathu

Anzanga a m'kalabu, nkhani ya mwezi uno inayambira pakhonde kwathu. Tsiku lina madzulo ndinkamvera pafoni nyimbo ya Tyler, the Creator yotchedwa "Noid", ija inatuluka mu October 2024. Agogo anga aamuna anali pomwepo akusoka ukonde. Nthawi zonse nyimbo zanga amati ndi phokoso, ndiye sindinkayembekeza kuti akumvetsera. Ndinangomva akuti, "Iwe, tabwezera pamenepo." Ndinabwezera. Anaika ukonde pansi nkunena kuti, "Ameneyutu ndi Paul Ngozi. Mnyamata wa ku America wakoyu wamupeza kuti?"

Kunena zoona, ine ndinali nditamva kale kuti m'nyimboyo muli mawu a Chinyanja, koma sindinafunsepo kuti mwini wake ndani. Agogo anakhalako ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970, monga Amalawi ambiri amene ankapita kukasaka ntchito ku Zambia, ndipo mawu amenewo anawazindikira ngati a m'bale wawo. Manyazi anandigwira. Ndinayamba kufufuza, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

Dzina lawo lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Lusaka, mukomboni ya Chibolya, kumalo kwa anthu osauka. Dzina loti Ngozi linali lapasiteji, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo lake. Linawayenera chifukwa cha mmene ankaimbira: gitala ankatha kuiimba ndi mano ngati Jimi Hendrix, ndipo anthu ankapenga nazo. Bandi yawo inali Ngozi Family. Pa ng'oma panali Chrissy Zebby Tembo, pa gitala ya besi panali Tommy Mwale. Taonani maina amenewa: Nyirongo, Tembo, Mwale. Mutawaitana pamsika wa pa boma pano, anthu angapo atembenuka.

Kuti timvetse mmene rock inafikira ku Chibolya, tiyambe ndi komwe inachokera. Ambirife timaganiza kuti rock ndi nyimbo za azungu. Koma amene anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1950 ambiri anali anthu akuda a ku America, monga Chuck Berry ndi Little Richard, ndipo iwowo anaitenga ku blues ndi ku nyimbo za m'tchalitchi za anthu akuda. Kenaka anyamata a ku Britain, a Beatles ndi a Rolling Stones, anaitengera nkuifalitsa dziko lonse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera Jimi Hendrix, wakudanso, amene anasintha kaliridwe ka gitala yamagetsi asanamwalire mu 1970.

Nthawi imeneyo Zambia inali itangolandira ufulu wodzilamulira, pa 24 October 1964, miyezi itatu ndi theka ife titalandira wathu pa 6 July. Dzikolo linali ndi chinthu chomwe ife tinalibe, ndicho migodi ya mkuwa. Mkuwa unkagulidwa bwino kunja, anthu ambiri anasamukira m'matauni monga Kitwe, Ndola ndi Lusaka, ndipo ogwira ntchito anali ndi kangachepe kogulira wailesi, galamafoni ndi zimbale zochokera kunja. Ana awo anakula akumva Hendrix, James Brown ndi Black Sabbath. Poyamba ankangoimba nyimbo za eni akezo m'maholo ndi m'mabala. Kenaka anayamba kupeka zawo, nkumasakaniza ndi kaimbidwe ka kwawo. Mtundu umenewu ndi umene lero ukutchedwa Zamrock. Mabandi odziwika anali Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, Amanaz, The Peace, WITCH ya a Emmanuel Chanda, amene anthu anawapatsa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger, ndiye Ngozi Family.

Boma nalo linathandizapo. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso ankakonda kuimba gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pawailesi ya dzikolo zikhale za oimba a ku Zambia. Cholinga chinali kulimbikitsa umodzi ndi chikhalidwe. Kaya mkuluyo ankaganiza za ng'oma za kumudzi, koma amene anapindula kwambiri anali anyamata atsitsi lanyankhalala ndi nsapato zazitali aja, chifukwa wailesi inasowa nyimbo zokwanira ndipo iwo anali nazo. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yomwe inkadinda zimbale, komanso a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour amene ankatulutsa nyimbo za mabandi amenewa. Ena ankapita mpaka ku Nairobi kukajambula.

Ngozi Family inatulutsa chimbale cha Day of Judgement mu 1976, ndipo mu 1977 kunabwera 45,000 Volts. M'chimbale chachiwirichi ndi mmene muli nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi", yomwe Tyler anadulako chidutswa. Palinso chimbale cha The Ghetto, chomwe a Ngozi anatulutsa m'dzina lawo, chokamba za moyo wa mukomboni.

Ndakhala ndikumvera zimbale zimenezi kwa masabata angapo, mpaka bandulo yanga yaona zakuda. Chinthu choyamba chomwe chimakugunda ndi gitala. Siilira mosalala ngati ya nyimbo zauzimu kapena ya rumba ayi. Imalira mokhadzula, ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Kaliridwe kameneka kamachokera m'kabokosi kotchedwa fuzz, komwe woimba amaponda ndi phazi. Kabokosiko kamakweza mphamvu ya mawu a gitala mopitirira muyeso mpaka nsonga zake zimadukaduka, ndiye zotuluka pa sipika zimakhala zonjenjemera. Ng'oma za a Tembo ndi zouma, zopanda zokometsera, ndipo nyimbo zambiri ndi zazifupi. Mukamva mumachita kudziwa kuti anthuwa anajambula ndi zida zochepa, onse pamodzi, popanda kompyuta yokonzera zolakwika.

Nditawamveretsa agogo gitala imeneyi ndinawafunsa ngati nthawi imeneyo sankaiona yachilendo. Anaseka. Anati, "Chachilendo nchiyani? Sunamvepo malipenga?" Ndinakhala kaye chete, chifukwa akunena zoona. Zikho zomwe amaimba pa malipenga ndi pa mganda amazimata kachikopa kopyapyala ka kangaude kuti mawu azituluka monjenjemera. Makolo athu kaliridwe kotere amakakonda kuyambira kale. Ndiponso malipengawo anayamba potengera perete wa asilikali a atsamunda, anthu a m'mbali mwa nyanja muno nkuusandutsa gule wawo. Zomwe a Ngozi anachita ndi gitala ya Hendrix nzomwezo: anatenga cha mlendo nkuchiphunzitsa kulankhula zakwathu.

Pa mawu a nyimbo ndi pomwe ine ndawakondera kwambiri. Oimba rock akunja ambiri ankaimba zachikondi ndi zosangalatsa thupi. A Ngozi ankaimba m'Chingelezi chosavuta ndi m'Chinyanja cha mu Lusaka, ndipo nkhani zawo zinali za pakhomo: umphawi, mowa, ana osasamalidwa, mabanja osokonekera, anthu amiseche. Nyimbo yomwe Tyler anatengayo ikudzudzula mlendo wobwera pakhomo pa mwini wopanda ulemu, wongoyendetsa pakamwa. Imeneyo ndi nkhani yomwe anakubala amaimba pamtondo. Tyler anaiika m'nyimbo yodandaula za anthu omulondalonda ndi makamera chifukwa cha kutchuka, ndipo inakwanira bwinobwino. Mwina nchifukwa chake ku Zambia anthu wamba sanawaiwale, ndipo ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wa dzina lawo.

Funso lomwe linandivuta ndi ili: nanga bwanji kuno ku Malawi sitinakhale ndi Paul Ngozi wathu, pomwe chinenero ndi chimodzi, maina ndi amodzi, ndipo mpaka 1963 tinali m'chitaganya chimodzi? Sikuti kunalibe aluso. Tinali ndi a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald a ku Chileka, a Allan Namoko ndi banjo yawo, a Robert Fumulani ndi ena. Koma zinthu kuno zinali zina. Tinalibe ndalama za migodi, ndipo anthu ambiri anali kumudzi. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo oimba ambiri ankadalira situdiyo yake kuti ajambule. Kuyambira 1968 kunali lamulo lopatsa boma mphamvu younika ndi kuletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo kwa amuna tsitsi lalitali ndi mathalauzi otambalala kumiyendo zinalinso zoletsedwa. Tangoganizani bandi ya Ngozi Family ikufika pachipata cha Mchinji ndi maonekedwe awo aja. Lumo likanayamba ntchito gitala isanatuluke m'chikwama. Agogo akuti pobwera kutchuthi ankayamba ameta kaye ku Chipata.

Ku Zambia nakonso chisangalalo sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, zinthu zinakwera, ndipo munthu wosowa ufa sagula chimbale. Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka m'dzikomo: mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi, ndiye mabandi omwe ankadyera madansi ausiku anasowa pogwira. Disiko inabwera, yomwe imangofuna munthu mmodzi ndi zimbale m'malo mwa bandi yonse. Makaseti okopera mwakuba anapha malonda, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu anatembenukira ku kalindula. Pamwamba pa zonsezi panabwera Edzi, yomwe inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Tikanena 40, ndi msinkhu wa amalume athu ena amene timasewera nawo bawo.

Kwa zaka zambiri kunja kwa Zambia palibe ankawatchula. Zimbale zakale zinangotsala m'makatoni ndi pansi pa mabedi. Kenaka anthu osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzipeza, ndipo kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inayamba kuzitulutsanso, mothandizana ndi a Rikki Ililonga ndi a Jagari Chanda. Mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock!. A Jagari, amene anali atasiya zoimba nkumakumba miyala yamtengo wapatali, anabwerera pasiteji ali okalamba, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023. Chaka chomwecho Travis Scott anatengako nyimbo ya Amanaz m'chimbale chake cha Utopia. Sampa the Great, mtsikana wa ku Zambia, anali atalemekeza kale oimba amenewa m'nyimbo yake ya "Never Forget" mu 2022. A Ngozi zonsezi sanazione.

Ndiye pali zinthu ziwiri zomwe zikundisowetsa mtendere. Choyamba, ine mwana wa ku Nkhotakota, amene ndimamva liwu lililonse m'nyimbo ija popanda womasulira, ndinadziwa za a Ngozi kudzera kwa munthu wa ku California, pomwe amene anawaonera ndi maso amagona chipinda choyandikana ndi changa. Zaka zonsezi sindinawafunsepo agogo kuti ali mnyamata ankavina chiyani. Chachiwiri, a Ngozi anabwereranso chifukwa nyimbo zawo zinadindidwa pa zimbale zomwe zinapirira zaka 40 m'fumbi. A Kachamba nawo akudziwika kunja chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kuwajambula mu 1967. Nanga oimba a kuno kwathu amene sanakumane ndi wowajambula? Alipo madala oimba banjo ndi bangwe, amayi odziwa nyimbo za chinamwali ndi zopuntha mpunga, asodzi odziwa nyimbo zokokera khoka kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa. Akamwalira, nyimbo zimapita nawo kumanda, ndipo palibe wa ku Los Angeles amene adzazipeze pansi pa bedi.

Ifetu tili ndi chomwe a Ngozi analibe. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi imatha kujambula mawu. Pempho langa ku kalabu ndi lakuti pamsonkhano wathu ukubwerawu aliyense abwere ndi dzina la munthu wamkulu mmodzi wa m'mudzi mwake amene amaimba kapena ankaimba. Tipite awiriawiri, tikapemphe mwaulemu, tikafotokoze komwe nyimbozo zikasungidwe, ndipo akakana tisakakamize. Akalola, tilembe dzina lawo, mudzi, tsiku, ndi amene anawaphunzitsa nyimboyo, kuti mawa wina akadzaitenga, mwini wake adzadziwike ndipo banja lake lidzapeze kanthu. Tizisunga malo awiri, chifukwa mafoni athu tikuwadziwa mmene amagwera m'madzi.

Ine ndayamba kale. Loweruka lapitali agogo anandiimbira nyimbo zitatu za malipenga a bwalo la kwawo, ndipo yachinayi anaiwala pakati nkunena kuti ndibwerenso akaikumbuka. Amene simunamvepo 45,000 Volts, ndidzabwera nayo kumsonkhano. Wina abweretse sipika yamphamvu, chifukwa pa kasipika ka foni gitala ija simungaimve bwino.