Kampeni ka Agogo Kobwera Nako ku Joni

Sabata ino ndikupempheni kuti mukapita kumudzi mukatsekule sutikesi kapena bokosi lachitsulo la malemu agogo anu. Pansi pa malisiti akale ndi jekete lodyedwa ndi njenjete, mwina mukapeza kampeni kopinda, kachigwiriro chathabwa, kokhala ndi kamphete kumsana. Musakataye. Ine ndinakapeza kwathu ku Mwanza, dzimbiri lili psuu, ana akutokosera matope. Nditakapukuta ndinaona kanyama kojambulidwa pachitsulo ndi mawu oti Okapi.

Dzinali lili ndi mbiri yotikhudza. Okapi ndi nyama ya m'nkhalango za ku Congo, mbale wake wa nyamalikiti. Azungu anaidziwa bwino mu 1901, Harry Johnston atatumiza chikopa chake ku London, n'chifukwa chake akatswiri amaitcha Okapia johnstoni. Johnston wake ndi yemwe uja anali bwanamkubwa woyamba wa atsamunda kuno kuyambira 1891, amene Mangochi inkatchedwa dzina lake, Fort Johnston. Chaka chotsatira, mu 1902, mumzinda wa Solingen ku Germany, wotchuka ndi zosula mipeni, anayamba kupanga mpeni wotchipa wogulitsa ku Africa, nautcha dzina la nyamayo.

Nanga unafika bwanji m'thumba la agogo anu? Yankho ndi msonkho ndi ulendo. Atsamunda ankafuna msonkho wa ndalama, pomwe ndalamazo kumudzi kunalibe. Amuna anayamba kutsika kummwera, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya golide ya ku Joni. Kwa ife a ku Mwanza njira inali pakhomo: kudumpha malire pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Salisbury. Ena ankalembedwa ndi Wenela, kampani yolemba anthu a m'migodi, yomwe dzina lake linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Pobwerera, amene sanatchone ankanyamula bulangete, njinga, wailesi, chipewa, ndipo m'thumba munkakhala okapi.

Unkakondedwa pa zifukwa zomveka. Unali wotsika mtengo. Chitsulo chake chimanoleka msanga pamwala wamba. Ukautambasula, mano a kumsana amalira kuti khrrr, n'kugwira, moti sungakupindikire pachala mpaka utakoka kamphete kaja. Kumudzi kuno unkagwira ntchito zonse: kusenda nzimbe ndi chinangwa, kusema mpini, kudula luzi, kusenda mbuzi pa chinkhoswe, kumezanitsa mitengo ya manachesi amene Mwanza imadziwika nawo. Koma tisabise, m'makomboni a ku Joni mpeni womwewu unali wa atsotsi, ndipo magazi unakhetsa. N'chifukwa chake agogo aakazi ena ankaubisa kudenga, tsiku la mowa likafika.

Ulendo wa kumigodi unaduka kawiri. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown ku Botswana, ndipo Amalawi opitirira 70 obwerera kwawo anafa. Kamuzu analetsa kulemba anthu, pomwe nthawiyo Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu 1977 ulendo unayambiranso, kampaniyo itasintha dzina kukhala TEBA, koma mu 1988 unatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi a ogwira ntchito. Chaka chomwecho, 1988, kupanga okapi kunasamuka ku Germany kupita ku Isithebe ku South Africa. Ndiye yang'anani patsinde pa chitsulo. Ngati palembedwa Germany, mpeniwo ndi wa nthawi ya Wenela kapena TEBA. Ngati palembedwa South Africa, unabwera pambuyo pake, mwina ndi amalume okwera basi yodzera pa Mwanza bodala. Ngati palibe cholembedwa chooneka bwino ndipo chitsulo chake n'chofewa, mwina ndi feki wa pamsika.

Mwina inu mupeza wina, wazitsulo zingapo: chodulira, chotsekulira zitini, choboolera chikopa. Umenewo ndi mtundu wa masikauti ndi asilikali. Gulu la masikauti analiyambitsa Robert Baden-Powell mu 1907 pa chilumba cha Brownsea ku England, ndipo mnyamata wa sikauti ankaphunzira kusunga mpeni ngati chida cha ntchito pamsasa. Wofiira wokhala ndi mtanda uja ndi wa ku Switzerland. Karl Elsener, mwini kampani yomwe lero ndi Victorinox, analembetsa mtundu umenewu mu 1897. Kumaiko a anzathu kuli anthu osonkhanitsa mipeni yotereyi, ndipo amalipira bwino ikakhala yosakhudzidwa ndi galayinda.

Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa. Ine ndinatsala pang'ono kukapereka wanga kwa owotcherera kuti aupale uwale ngati watsopano. Akadatero, kanyama kaja ndi mawu oti Germany zikadafufutika, ndipo ndikadatsala ndi chitsulo chopanda mbiri. Chitani chonchi. Thirani madontho a palafini polumikizira, muusiye usiku wonse, osaukakamiza kutseguka. M'mawa chotsani litsiro ndi mswachi wakale. Dzimbiri lofiira lipaleni pang'onopang'ono ndi sandipepala wosalala kwambiri wonyowetsa ndi oyilo, mukuzemba pamene pali zilembo. Kuda kwa chitsulo kusiyeni, si matenda, ndi ukalamba, ndiponso kumateteza. Chigwiriro musachiviike m'madzi, chimatupa n'kung'aluka. Chipakeni mafuta pang'ono basi. Nolani pamwala ndi dzanja. Pomaliza dontho limodzi la oyilo wa makina osokera, ndipo mukasendera nachesi muziupukuta, chifukwa madzi owawasa amadya chitsulo chotere.

Ntchito yaikulu komabe si ya palafini. Anthu amene anapita ku Joni pa TEBA omalizira lero ndi achikulire, ndipo ambiri akhala akuyendera ndalama zawo za kumigodi kwa zaka zambiri, ena mpaka kumwalira osazilandira. Mabuku a sukulu amawatchula m'ndime imodzi. Tengani kampeniko mukakaike m'manja mwa nkhalamba ya pamudzi panu, muone mmene ikatambasulire osayang'ana. Kenako funsani: munagwira mgodi uti, munakwera ndege kapena sitima, munakagula kuti, anzanu amene sanabwerere anali ayani? Lembani mayankhowo papepala, mukulungire kampeniko. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, abale anga. Ine ndinachedwa kufunsa, ndipo za mpeni wa agogo anga ndikudziwa zokhazo zimene zalembedwa pachitsulo.