Bele ndi chiwongo: dzina la pa reji silinena zonse

Reji, chitupa cha nzika ku Zambia, imafunsa dzina, mudzi, mfumu ndi boma. Mnyamata wa Chinsenga wa ku Nyimba akhoza kulembedwa kuti ndi Tembo, wa kwa Ndake, iye n'kumaganiza kuti wagwira muzu wa makolo ake. Koma akafunsa agogo ake aakazi kuti ife ndife ayani, amamva dzina lina, mwina Mwanza, mwina Lungu. Palibe amene wanama. Reji ndi agogo akuyankha mafunso osiyana, ndipo mafunsowo abisala m'mawu awiri.

Loyamba ndi bele. Ansenga, monga Achewa, amawerenga ubale kudzera kwa mayi. Anthu a bele limodzi ndi ochokera mwa mayi mmodzi wakale, ndipo tanthauzo lake lili poyera: amene anayamwa pamodzi, ndi ana a ana aakazi awo. Mabele angapo akakumana pa gogo mmodzi, mwamuna wowayang'anira amati iyi ndi mbumba yanga, kunena alongo ake ndi ana awo. Ana ake omubala yekha sali m'mbumbamo. Ali m'mbumba ya mlamu wake. Ndiye chifukwa chake ufumu wa Kalindawalo, Nyamphande kapena Mwanjawanthu sulowedwa ndi mwana wa mfumu koma ndi wa kuchikazi.

Chiwongo ndi mlendo. Muzu wake ndi wa Chingoni, isibongo, kuchokera ku mneni wakuti kubonga, kutamanda kapena kuthokoza. Ndi dzina limene munthu amathokozedwa nalo akakupatsa madzi akumwa, ndipo kwa Angoni limachokera kwa bambo. Zwangendaba, mfumu ya Angoni, anawoloka Zambezi mu 1835 pafupi ndi Zumbo n'kukhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, ndipo pambuyo pake mwana wake Mpezeni anabwerera kudera lomwelo. Angoni anatenga akazi ndi ana ambiri a Chinsenga, moti lero a kwa Mpezeni amalankhula Chinsenga. Anataya chilankhulo, koma anasiya chizolowezi chotchula munthu ndi dzina la bambo ake. Sukulu, mishoni ndi boma zinadzangokhomerera.

Apa mpamene kalembera amalowera. Mawuwa ndi a kulemba, koma ali ndi kachidutswa kakuti -era: kulembera, kulemba zinthu za wina kapena m'malo mwa wina. Wolembedwayo sagwira cholembera. Kalembera woyamba amene midzi ya kuno inamudziwa sanali wowerenga anthu koma wa msonkho wa nyumba, umene British South Africa Company inayamba kutolera ku North-Eastern Rhodesia cha m'ma 1901. Kalaliki ankafuna mwamuna wokhoma msonkho. Amayi, eni bele enieniwo, analibe malo oyamba m'buku. Komanso mwamuna wa Chinsenga ankakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, choncho mudzi wolembedwa pafupi ndi dzina lake sutanthauza kuti ndi kumene anabadwira.

Kuwerenga Afirika onse m'dziko limene lero ndi Zambia kunachitika koyamba mu 1963, kenako 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022, pamene anapeza anthu oposa 19 miliyoni. Koma zimene boma limafalitsa ndi ziwerengero, osati mayina. Munthu wa ku America amatsegula kalembera wa 1950 n'kupeza agogo ake ndi zaka zawo. Wa ku Petauke alibe mwayi umenewo. Chimene angapeze ndi mabuku a ma DC ku National Archives of Zambia ku Lusaka, mabuku a ubatizo a ku mishoni ya Minga kapena ya Nyanje, ndi buku la mudzi kwa anyakwawa. Wofufuza za Nyimba ayang'ane pansi pa Petauke, poti kale linali boma limodzi.

Funso la kalembera lakuti mtundu nalonso n'loterera. Timati mtundu wa anthu, mtundu wa chimanga, mtundu wa nsalu. Ndi dengu lalikulu, ndipo mwana wa mayi wa Chinsenga ndi bambo wa Chingoni amapatsidwa malo a yankho limodzi basi.

Chodabwitsa n'chakuti kuyeza DNA kumagwirizana ndi agogo kuposa ndi kalaliki. M'malovu amene munthu amatumiza kukayezetsa muli DNA ya mitochondria, imene mwana aliyense amalandira kwa mayi ake okha, ndipo mwana wamkazi yekha ndiye amaipatsira patsogolo. Limenelo ndi bele ndendende. Y chromosome imayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, njira ya chiwongo. Koma makina sadziwa Mwanza kapena Tembo. Makampani ngati AncestryDNA amayerekeza malovu anu ndi a anthu amene anayezedwa kale, ambiri mwa iwo ochokera ku Ulaya, ndipo Nsenga, Mchewa ndi Mbemba amangotuluka m'magulu aakulu a anthu olankhula zilankhulo za Chibantu. Zimene kuyezako kungachite bwino ndi kutsimikiza ubale wapafupi, ndipo nthawi zina kumaulula zimene banja linakwirira dala: kuti gogo wina anabwera ngati wogwidwa pankhondo kapena kapolo, analowetsedwa m'mbumba, ndipo bele limene adzukulu ake amalumbirira si limene iye anayamwa.